Mpingo wa Nthambi Zambiri ndi Mlaliki Mmodzi

Mu Ogasiti 2024 mpingo wina waukulu wa ku Canada, wotchedwa The Meeting House, unatha. Nkhani imeneyi sinamveke kwenikweni kuno ku Lusaka, koma ine yandikhala pamtima chifukwa mpingowo unali wa banja limodzi ndi mpingo umene ndimapempherako, wa Brethren in Christ, womwe likulu lake muno m'Zambia lili ku Choma. Anali abale athu m'chikhulupiriro, obatiza munthu amene wavomereza yekha ndi pakamwa pake monga timachitira ife, okana nkhondo monga ife, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankawaloza ngati umboni wakuti chiphunzitso chakale cha Anabaptisti, banja la mipingo limene tonse tinachokerako, chikhoza kukopa ngakhale anthu a m'mizinda ya makono amene analeka kalekale kulowa m'tchalitchi. Pa nthawi imene mpingowu unali pachimake, anthu pafupifupi 5,000 ankasonkhana mlungu ndi mlungu m'malo pafupifupi 20 a m'chigawo cha Ontario.

Unayamba m'zaka za m'ma 1980 m'tauni ya Oakville, kufupi ndi Toronto, uli kagulu kochepa kotchedwa Upper Oaks Community Church. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera mlaliki waluso kwambiri pa kuphunzitsa, Bruxy Cavey, amene ankalalikira atavala zovala wamba ndipo ankalola anthu kumufunsa mafunso ulaliki ukatha. Anthu anayamba kubwera mwaunyinji, ndipo m'chaka cha 2000 mpingo unatenga dzina latsopano lija. Malo atachepa, atsogoleri sanathamangire kumanga makachisi m'tauni iliyonse. Anayamba kuchita lendi nyumba zoonetseramo mafilimu Lamlungu m'mawa, nthawi imene nyumba zotere zimakhala zopanda anthu, ndipo ulaliki wojambulidwa ku Oakville unkaonetsedwa pa chinsalu chachikulu ku Toronto, ku Hamilton, ku Ottawa ndi kwina. Nthambi iliyonse inali ndi mbusa wake wosamalira anthu ndiponso oimba ake, koma chiphunzitso chinkachokera pakamwa pamodzi. Mkati mwa mlungu anthu ankakumana m'nyumba m'timagulu, kumene ankakambirana zimene anamva Lamlungu, kupemphererana ndi kuthandizana pa mavuto, ndipo atsogoleri awo ankanena kawirikawiri kuti mpingo weniweni uli m'timagulu ta m'nyumbato.

Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti maganizo omwewa afika pakati pathu. Achinyamata ena a kumene ndimapemphera, anthu okonda Mulungu ndiponso odziwa zipangizo za makono, akhala akufunsa chifukwa chimene sitingatsegulire nthambi m'makomboni akutali pongochita lendi kalasi pasukulu, kugula pulojekita ndi zokuzira mawu, n'kumaonetsa ulaliki wa abusa athu pa intaneti nthawi imodzi m'malo onse. Zifukwa zawo n'zomveka ndipo sindikuzipeputsa. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka lokha muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mzinda ukufutukukabe cha ku Chongwe, ku Chilanga ndi ku Kafue. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lochokera ku Chawama kapena ku Kanyama, limene liyenera kukwera maminibasi awiri kuti lifike kutchalitchi ndi awiri pobwerera, limasiya m'manja mwa kondakitala ndalama imene ikanagula ndiwo za masiku angapo, ndipo mapeto ake makolo amabwera okha, ana n'kutsala. Abusa ophunzira ndi ochepa, ndipo kusunga mbusa kumafuna nyumba, malipiro ndi fizi ya ana ake. Pulojekita imagulidwa kamodzi. Kuyambira 2020, pamene mliri wa kolona unatizoloweza kumvera ulaliki pa Facebook, palibenso amene amaona chachilendo kuyang'ana mbusa pa chinsalu.

Tisanavomere kapena kukana, ndi bwino tikumbuke kumene tinachokera. Usiku wa pa 21 Januwale 1525, mumzinda wa Zurich ku Switzerland, kagulu ka anthu amene ankawerenga Baibulo pamodzi kanakumana m'nyumba ya banja la Felix Manz, akuluakulu a mzinda atangolamula kuti ana onse abatizidwe ndiponso kuti misonkhano ya kagulu kameneka ithe. George Blaurock, amene kale anali wansembe, anapempha Conrad Grebel kuti amubatize, ndipo Grebel, munthu amene sanadzozedwepo kukhala mbusa, anamubatiza. Kenako Blaurock anabatiza ena onse. Adani awo anawatcha obatizanso, ndipo ndiko kunachokera dzina lakuti Anabaptisti. Pa 5 Januwale 1527 Manz anamizidwa mumtsinje wa Limmat chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi, ndipo Blaurock anatenthedwa mu 1529. Mu Meyi 2025 mbadwa zauzimu za anthu amenewa zinasonkhana ku Zurich komweko kukumbukira zaka 500, ndipo lero m'banja limeneli chigawo chachikulu koposa cha anthu obatizidwa chili mu Africa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'mbiri imeneyi ndi chigwirizano chimene anapangana m'mudzi wa Schleitheim pa 24 Febuluwale 1527, motsogozedwa ndi Michael Sattler. Anagwirizana mfundo zisanu ndi ziwiri, zokhudza ubatizo, chilango cha mumpingo, mgonero, kupatukana ndi zoipa, abusa, lupanga ndi kulumbira. Mfundo yachisanu, ya abusa, inanena kuti mbusa asankhidwe ndi mpingo umene akuutumikira, mpingo womwewo umusamalire pa zosowa zake, akalakwa mlandu wake umvedwe pa mboni ziwiri kapena zitatu ndipo adzudzulidwe pamaso pa onse, ndipo akathamangitsidwa kapena kuphedwa, wina aikidwe m'malo mwake nthawi yomweyo kuti kagulu ka nkhosa kasabalalike. Taganizirani zimene mawu amenewa akutanthauza. Kuti mbusa wina aikidwe nthawi yomweyo, ndiye kuti pakati pa anthuwo panali kale ena odziwa Malemba, ozolowera kuphunzitsa, odziwika bwino khalidwe lawo, amene akanatha kuimirira usiku womwewo popanda kudikira munthu wochokera kutali. Sattler mwiniwakeyo anatenthedwa ku Rottenburg mu Meyi chaka chomwecho, patangotha miyezi itatu, ndipo mipingo imene ankaitumikira sinathe naye limodzi.

Ku Canada zinthu zinayenda mosiyana. Chakumapeto kwa 2021 mayi wina wa mumpingo anadandaula za khalidwe la mlaliki uja, ndipo atsogoleri anamuimitsa ntchito n'kuitana wofufuza wakunja. Kafukufuku anapeza kuti mlalikiyo anagwiritsa ntchito molakwa udindo wake pochita zachiwerewere ndi munthu amene anabwera kwa iye kudzafuna uphungu, ndipo mu Malichi 2022 anatula pansi udindo atapemphedwa kutero. Pambuyo pake panatuluka madandaulo ena ambiri okhudzanso abusa ena akale a mpingowo. Anthu anayamba kuchoka, zopereka zinatsika, nthambi zina zinaphatikizidwa. Mu Juni 2024 mpingo unalephera kupeza inshuwalansi yokhudza milandu ya nkhanza, ndipo popeza atsogoleri anaona kuti mpingo sungapitirize mapemphero ndi ntchito za ana popanda inshuwalansi yotere, misonkhano inaima m'nthambi zonse nthawi imodzi. Patatha miyezi iwiri dzinalo linatsekedwa. Magulu ena a anthu ake anapitiriza kupemphera pansi pa mpingo wa Be In Christ, lomwe ndi dzina la Brethren in Christ ku Canada kuyambira 2017, ndipo pa chimenechi tiyenera kuthokoza Mulungu. Koma oyenera kukumbukiridwa poyamba ndi amayi amene anapwetekedwa ndi anthu amene ankawakhulupirira, amene ena a iwo anakhala zaka zambiri ali chete.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene timagulu ta m'nyumba, timene iwo eni ankatitcha mpingo weniweni, sitinathe kuuchirikiza mpingowo mphepo itawomba. Maganizo anga ndi akuti timagulu timeneti tinali ndi chikondi koma tinalibe mizu yathuyathu. Zimene tinkakambirana mkati mwa mlungu zinkachokera pa ulaliki wa munthu mmodzi, ndalama zinkapita m'thumba limodzi, zikalata za boma zinali pa dzina limodzi, ndipo anthu ambiri anabwera chifukwa cha luso la mlaliki amene sanakhalepo naye pansi n'kudya naye. Munthu amene anthu zikwizikwi amamuona pa chinsalu koma ochepa okha ndiwo amadziwa kumene amapita Lachiwiri masana ali pangozi, ndipo amene amabwera kwa iye kudzafuna thandizo ali pangozi yoposa. Ndani angamudzudzule pamene aliyense akudziwa kuti iye akachoka mipando idzakhala yopanda anthu? Nthambi ya mtengo, ngakhale ikhale yobiriwira chotani, imauma thunthu likadulidwa, pamene nthochi imati ikabereka n'kudulidwa, ana ake amakhala ataphuka kale m'mbali, aliyense ali ndi mizu yake m'nthaka.

Mpingo wina wa banja lomweli, waukulu kuposa yonse ya Anabaptisti padziko lapansi, uli kuno ku Africa, ndipo mbiri yake ndi imene ndikufuna achinyamata athu aidziwe. Ndi Meserete Kristos wa ku Ethiopia. Unachokera ku ntchito ya a Mennonite, gulu lina la Anabaptisti, amene anafika m'dzikolo m'zaka za m'ma 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, poyamba ngati anthu othandiza pa zachipatala m'tauni ya Nazareth imene lero imatchedwa Adama. Anthu khumi oyamba anabatizidwa mobisa ku Addis Ababa mu 1951. Mu 1974 asilikali anachotsa mfumu Haile Selassie, ndipo boma la Derg, limene pambuyo pake linatsogozedwa ndi Mengistu Haile Mariam, linatsata chikomyunizimu. Mu Januwale 1982 boma limeneli linatseka mpingowo, linalanda makachisi ndi katundu wake, ndipo linatsekera m'ndende atsogoleri asanu ndi mmodzi kwa zaka zoposa zinayi. Pa nthawiyo mpingo unali ndi anthu pafupifupi 5,000, chiwerengero chofanana ndi cha abale a ku Canada pamene anali pachimake.

Atsogoleri amene anatsala anagawa anthu m'timagulu ta anthu asanu mpaka asanu ndi awiri, tokumana m'nyumba. Anthu ankafika mmodzimmodzi kuti anansi asazindikire, nyimbo ankaimba monong'ona, ubatizo unkachitika mobisa, ndipo chopereka chinkasonkhedwa m'timagulu momwemo kuti chithandize alaliki ndi mabanja a omangidwa. Chifukwa timagulu tinali tambiri, atsogoleri ankafunikanso ambiri, choncho anthu wamba, amayi ambiri pakati pawo, amene m'kachisi akanangokhala pabenchi n'kumvetsera, anaphunzitsidwa kutsegula Baibulo ndi kutsogolera anzawo. Kagulu kakakula kankagawidwa, ndipo amene dzulo anali wophunzira ankapatsidwa anthu ake oti awasamalire. Boma la Derg litagwa mu 1991, mpingo unatulukira poyera uli ndi anthu pafupifupi 34,000. Lero uli ndi obatizidwa oposa 300,000 m'mipingo yoposa 1,000, ndipo uli ndi sukulu yake ya ubusa ku Bishoftu. Ndikaika mbiri ziwirizi pamodzi ndimaona kuti onse anali ndi timagulu ta m'nyumba, koma a ku Ethiopia anapereka kwa timaguluto ntchito yonse ya mpingo, kuphunzitsa, kubatiza, kusonkha ndi kulanga, pamene a ku Canada anasunga zolemera zonse kulikulu.

Sindikufuna kuti wina andimve ngati ndikulakalaka mazunzo. Anthu anavutika m'ndende, mabanja anagona ndi njala, ndipo palibe munthu wanzeru amene angapemphere kuti zotere zifike kuno. Ndiponso mlandu wa ku Canada unali tchimo la anthu, pamene ku Ethiopia chinali chitsulo cha boma, ndipo mabala awiriwa sapola mofanana, popeza kuzunzidwa kumamanga anthu pamodzi pamene kuperekedwa ndi mbusa wako kumaswa chikhulupiriro chenicheni. Komabe funso limene mipingo yonse iwiri inakumana nalo linali limodzi, lakuti kodi anthu angapitirize bwanji likulu litachotsedwa mwadzidzidzi.

Mnyamata wina, amene ndimamulemekeza chifukwa amawerenga Malemba mosamala, anandifunsa tikutuluka m'mapemphero kuti, "Atate, kodi mtumwi Paulo sankalemba kalata imodzi n'kulamula kuti iwerengedwe m'mipingo ingapo? Nanga kanema akusiyana pati ndi kalata?" Funsoli ndi labwino, ndipo pa Akolose 4:16 zilidi choncho, kalata ya ku Kolose inayenera kuwerengedwanso ku Laodikaya. Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, werenganso Machitidwe 14:23 ndi Tito 1:5." Paulo yemweyo ankaika akulu mumpingo uliwonse ndipo analamula Tito kuika akulu m'mudzi uliwonse wa ku Krete, kotero kuti kalata ikafika inkapeza anthu okhoza kuiwerenga, kuimasulira ndi kuyankha mafunso a amene sanamvetse. Pa 1 Akorinto 14:26 tikuona msonkhano umene aliyense amabwera ndi kanthu, wina salimo, wina chiphunzitso, ndipo mavesi otsatira akunena kuti aneneri akalankhula ena ayese zimene zanenedwa. Kalata inkabwera mwa apo ndi apo kudzathandiza mpingo wokhala ndi aphunzitsi ake. Chimene achinyamata athu akuganiza n'chakuti kanema akhale mphunzitsi wa Lamlungu lililonse, ndipo pamenepo m'bale wa ku Kanyama amene Mulungu anamupatsa mphatso yophunzitsa adzakalamba akuyatsa ndi kuzimitsa pulojekita.

Mbiri ya mpingo wathu muno m'Zambia ikutiphunzitsanso chimodzimodzi. Brethren in Christ inayamba cha m'ma 1780 pakati pa alimi a ku Pennsylvania, m'mbali mwa mtsinje wa Susquehanna, ndipo amishonale ake oyamba mu Africa anatsegula Matopo kufupi ndi Bulawayo mu 1898. Mu 1906 amayi awiri, Hannah Frances Davidson ndi Adda Engle, anawoloka Zambezi pamodzi ndi anyamata awiri a ku Matopo, Ndhlalambi Moyo ndi Gomo Sibanda, n'kukayamba mishoni ya Macha pakati pa Atonga. Kenako kunabwera Sikalongo, kumene lero kuli sukulu ya Baibulo, ndipo mu 1957 chipatala cha Macha chinatsegulidwa, chimene pambuyo pake chinadziwika kutali chifukwa cha kafukufuku wa malungo. Amishonale anali ochepa ndipo midzi inali yotalikirana. Uthenga unafalikira kudzera mwa aphunzitsi a m'masukulu a m'midzi, amene mkati mwa mlungu ankaphunzitsa ana kuwerenga ndipo Lamlungu ankalalikira m'kalasi momwemo, m'chilankhulo cha anthu awo. Mipingo ya mu Lusaka ndi ku Copperbelt inayambanso ndi anthu ogwira ntchito amene anasamukira m'tauni n'kuyamba kupemphera m'nyumba ndi m'makalasi asanapatsidwe mbusa.

Ine ndinakulira kum'mawa, mumpingo wa Reformed, ndipo ndinalowa mumpingo uno chifukwa cha banja, akazi anga pokhala a kum'mwera. Chimene chinandisunga sichinali ulaliki wa munthu wotchuka. Chinali tsiku la mgonero, pamene mkulu wina wachitonga, wamsinkhu wa atate anga, anagwada n'kundisambitsa mapazi monga mwa Yohane 13, ine mlendo amene Chitonga ndinkachimva movutikira. Nkhani ya chilankhulo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene achinyamata akuiganizira. Ulaliki umodzi wopita kunthambi zonse udzakhala wa Chingerezi, chifukwa ndicho chokha chimene tingagwirizane, ndipo agogo a ku Mtendere amene amapemphera m'Chinyanja, kapena mayi wogulitsa tomato pamsika wa Soweto amene amamva bwino Chibemba, adzakhala akuyang'ana chinsalu mwaulemu osatolapo kanthu. Mlaliki amene waima pamaso pa anthu amaona nkhope zawo, amazindikira kuti apa sanamve, amabwereza m'Chinyanja, amatchula maliro amene anachitika mlungu womwewo pamzere wa nyumba zawo. Za magetsi sindinenapo zambiri, popeza tonse tikukumbukira mmene chilala cha 2024 chinatsitsira madzi ku Kariba ndi maola amene tinkakhala mumdima.

Tinalawako kale pang'ono za kutsekedwa kwa likulu. Kumayambiriro kwa 2018, kolera itavuta mu Lusaka mpaka bwalo la Heroes linasandutsidwa malo ochiritsirako odwala, boma linaletsa misonkhano m'madera okhudzidwa, ndipo matchalitchi a kumeneko anakhala otseka. Amene anadziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti muli wodwala, kapena kuti mayi wamasiye uja malonda ake aima chifukwa ogulitsa m'misewu achotsedwa, anali anthu a m'chigawo chake, oyandikana naye nyumba. Abale athu a Katolika anazindikira zimenezi kalekale. M'zaka za m'ma 1970 mabishopu a mayiko a kum'mawa kwa Africa, Zambia ndi Malawi ali momwemo, anagwirizana kuti mphakati ukhale maziko a moyo wa parishi, ndipo Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali mmodzi wa amene analimbikira kwambiri maganizo amenewa. Aliyense amene anakhalapo pamaliro m'komboni akudziwa amene amagona panyumba ya maliro, amene amaphika, amene amayenda ndi mbale kusonkhetsa ndalama ya bokosi ndi ya basi yopita kumanda a ku Chingwere kapena a ku Leopards Hill. Nthambi imene singathe kuika maliro a munthu wake popanda kuimba foni kulikulu sinafike pokhala mpingo.

Pali chenjezo limene ndiyenera kulinena molimba, kuopa kuti wina angaganize kuti kuchepa kwa gulu ndiko chitetezo. Nkhanza zimabisalanso m'timagulu ta m'nyumba, ndipo nthawi zina zimabisala bwino koposa, chifukwa wolakwa ndi malume wa wina, mwini nyumba imene timakumanamo, kapena amene amalipira lendi ya kalasi. Chiphunzitso chathu cha mtendere ndi kukhululuka chagwiritsidwapo ntchito kutseka pakamwa opwetekedwa. John Howard Yoder, mmodzi wa akatswiri otchuka a zaumulungu pakati pa a Mennonite, amene analemba zambiri za mtendere, anazunza amayi ambiri kwa zaka zambiri, ndipo sukulu ya ubusa imene ankaphunzitsako inapepesa poyera mu 2015, iye atamwalira kale mu 1997. Mateyu 18, pamene Ambuye akutiuza kuti tipite kwa m'bale wolakwa patokha, kenako ndi mboni, kenako kumpingo, sanalembedwe kuti mtsikana wogwiriridwa atumizidwe yekha kukakumana ndi amene anamugwirira. Mlandu wotere ndi wa boma. Tili ndi lamulo la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit. Mpingo umene umatseka nkhani yotere m'chipinda cha akulu n'kuitcha kuyanjanitsa ukuchimwira mwanayo kachiwiri.

Choncho sindikutsutsa kutsegula nthambi, ndipo ndikufuna titsegule zambiri, chifukwa banja la ku Chawama lija liyenera kupemphera pafupi ndi kwawo pamodzi ndi ana awo. Sindikutsutsanso kanema. Ndi wothandiza kwa odwala amene ali pabedi, kwa anamwino ndi alonda ogwira ntchito Lamlungu, kwa ana athu amene ali kunja kwa dziko, ndiponso pa masiku apadera pamene abishopu akulankhula kwa mipingo yonse. Chimene ndikupempha n'chakuti nthambi iliyonse isatsegulidwe tisanapeze anthu atatu kapena anayi a m'dera lomwelo, amuna ndi akazi, amene akhala akuphunzitsidwa ndi abusa ndipo angathe kulalikira mosinthana, ngakhale ulaliki wawo utakhala wosakoma ngati wa kulikulu. Poyamba adzapunthwa, adzatalikitsa, ena mwa omvera adzadandaula kuti akufuna abusa enieni, ndipo abusa adzafunika kuyendera nthambizo mwezi ndi mwezi, kukhala pansi kumvetsera, n'kuwongola mwachikondi mapemphero akatha. Ntchito imeneyi ndi yochedwa, ndipo chaka choyamba chiwerengero sichidzasangalatsa aliyense.

Ndikupemphanso kuti nthambi iliyonse izidziwa ndalama zake. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu awiri osakhala pachibale, chilengezedwe kwa anthu amene apereka, gawo lopita kulikulu lidziwike, ndipo lotsala likhale m'manja mwa nthambiyo kuti igulire mankhwala wodwala wake popanda kulemba kalata yopempha. Uphungu wa mbusa kapena mkulu kwa mayi kapena mtsikana uzichitikira pamalo oonekera, pali mayi wina wamkulu pafupi, ndipo aliyense mumpingo, ngakhale mwana wa Sande sukulu, adziwe anthu awiri amene angawauze dandaulo lokhudza mtsogoleri, mmodzi wa iwo akhale wa kunja kwa nthambiyo. Abusa abwino sadzakhumudwa ndi malamulo otere, chifukwa amawateteza iwonso ku mabodza. Ndalama imene achinyamata asonkha kale yogulira pulojekita ndi zokuzira mawu ndikanakonda itumize mmodzi kapena awiri mwa iwo omwe ku Sikalongo, ndipo pamsonkhano wa mpingo ukubwerawu ndidzatchula dzina la mnyamata wa funso la makalata a Paulo kuti akhale woyamba kupita.